Khadi Latsopano, Sikirini Yakuda Bii

Pa mavuto onse a kompyuta, palibe limene limaziziritsa nkhongono ngati sikirini yakuda. Kompyuta ikamachedwa umangodikira. Ikalemba uthenga wodandaula umakopera mawuwo papepala n'kukafunsa odziwa. Koma ikangoti zii, fani ikulira m'kati, kanyali kakuyaka kutsogolo, pagalasi popanda ngakhale kadontho, munthu susowa chonena chokha, umasowanso poyambira. Tsono zikachitika utangoikamo chipangizo chatsopano chogulidwa ndi ndalama za anthu, mantha amabwera awiriawiri: oti katundu wawonongeka, ndi oti wina wake ayankhapo mlandu.

Makolo ambiri munamva kuti kompyuta yaikulu ya mu labu yathu inakhala chete kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba kumapeto kwa teremu yapitayi, ndipo nkhaniyo inafika m'makomo mwanu itasinthasintha panjira. Ena anamva kuti yapsa. Ena anamva kuti malikisi a ana onse afufutika ndipo malipoti satuluka. Enanso anamva kuti komiti yagulitsidwa chinthu chabodza. Poti ndalama zinachokera m'matumba mwanu, ndiponso poti ana awiri a Fomu 4 analozedwa zala, taona kuti n'kwabwino tifotokoze bwinobwino mmene zinayendera. Komanso makompyuta ogwirapo kale ntchito m'maofesi akunja akuchuluka m'nyumba zathu, ndiye vuto lomweli tsiku lina lidzagogoda pakhomo pa wina.

Chithunzi chilichonse chimene mumaona pa sikirini chimakonzedwa kaye m'bokosi la kompyuta. M'makompyuta ambiri a mu ofesi ntchitoyi imagwiridwa ndi kagawo kakang'ono ka m'purosesa momwemo, ndipo chithunzicho chimatulukira pa bowo la motherboard, thabwa lalikulu lija limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Kagawoko kamakwanira polemba makalata ndi kuwerengera malikisi. Wofuna zoposa pamenepo amagula graphics card, khadi lokhala ndi purosesa yakeyake ndi memore yakeyake, limene limalowa mu mpata wautali wa pa motherboard wotchedwa PCI Express. Kompyuta yathu inali ndi bowo limodzi lokha lotulutsira chithunzi. Ife amene timabwereka labu kuti tionetse ana mapu kapena kanema tinkachita kuzula chingwe cha sikirini kuti tilumikize pulojekita, kenako n'kumaphunzitsa khosi lili chopotoka, maso kukhoma, ana kumbuyo akuchita zawo. Khadi linagulidwa kuti sikirini ndi pulojekita zizigwira ntchito pamodzi. Linali GeForce GT 1030, limene linatuluka mu 2017, ndipo linabwera ndi m'bale wa kholo lina kuchokera ku Johannesburg. Poti sikirini yathu ndi yakale, panagulidwanso kachipangizo kolumikizira, adaputa, pa benchi ina ya zamagetsi mumsika.

Lachisanu masana aphunzitsi a makompyuta analiika, ana awiri aja akuwathandiza kugwira tochi ndi masikulu. Atatseka bokosi n'kudina batani, fani inazungulira, koma sikirini inangolemba kuti No Signal, kanyali kake n'kusanduka kachikasu. Anazula chingwe pa khadi n'kuchibwezera pa bowo lakale limene lakhala likugwira ntchito zaka zonsezi. Nakonso mdima. Apa m'pamene mphekesera inabadwira, ndipo kunena zoona inali ndi poimira: ngati bowo latsopano silionetsa kanthu, lakalenso silionetsa kanthu, si ndiye kuti kompyuta yonse yapita?

Ayi ndithu. Mdima wa pa bowo lakale unali woyenera kukhalapo. Ma motherboard ambiri akangozindikira kuti mu mpata wa PCI Express mwalowa khadi, amatseka kagawo kawo ka zithunzi n'kusiyira khadilo ntchito yonse. Bowo lakale limakhala lilipo, chingwe chimalowa bwinobwino, koma mulibe kanthu, ngati mpopi umene atseka kumtunda. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene sikirini imadera anthu akaika khadi latsopano: chingwe chimatsalira pamalo pake pakale. Mukayang'ana kumbuyo kwa bokosi loimirira, mabowo a motherboard ali m'mwamba, pagulu limodzi ndi a USB ndi a intaneti. Mabowo a khadi ali m'munsi, paokha, ondandalikana chopingasa, ndipo khadi likakhala latsopano nthawi zina amakhala otsekedwa ndi tizivindikiro ta pulasitiki, moti munthu sawazindikira kuti ndi mabowo. Kwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepa, kusamutsa chingwe basi. Kwa ife inapitirira, chifukwa chingwe chinali chitayesedwa kale pa khadi.

Kompyuta yopanda chithunzi imayankhulabe, kungoti imafuna makutu. Sikirini yolemba kuti No Signal ndi yamoyo. Ikunena kuti ine ndili bwino, koma palibe chikundifika. Yakufa siyatsa ngakhale kanyali. Yokhala ndi mabowo angapo imathanso kukhala ikudikira pa bowo lolakwika, choncho muyenera kudina batani la Input kapena Source n'kusankha limene mwalowetsamo chingwe. Kenako yang'anani kiyibodi. Dinani Caps Lock kapena Num Lock: kanyali kake kakamayaka ndi kuzima motsatira chala chanu, ndiye kuti purosesa ili maso ndipo ikumva. Kompyuta iliyonse ikamayatsidwa imayamba yadzifufuza yokha, mayeso otchedwa POST, ndipo zakale zambiri zili ndi kasipika kamene kamalira. Pa zambiri, kulira kamodzi kwakufupi ndiye kuti zonse zili bwino, pamene kulira kamodzi kwakutali kotsatana ndi kuwiri kwakufupi kumaloza ku mbali ya zithunzi. Matanthauzowa amasiyana malinga ndi wopanga, ndipo makina ena amagwiritsa ntchito timagetsi tophethira m'malo mwa kulira, koma buku la makinawo limamasulira zonse. Yathu inalira kamodzi, mwachidule, ndipo Caps Lock inkayankha. Kompyuta yopsa sichita zimenezo.

Loweruka m'mawa tinakumana mu labu anthu ochepa, pamodzi ndi mmodzi wa akuluakulu a komiti amene anafuna kudzionera yekha. Chimene chinachitika n'chapafupi zedi: khadi linachotsedwa, chingwe chinabwezeredwa pa bowo lakale, batani linadinidwa, Windows n'kutulukira ngati kuti sipanachitike kanthu. Malikisi onse anali momwemo. Ndipo sakanapita kulikonse, makolo athu, chifukwa zolembedwa zimasungidwa pa hard disk, chipangizo china chimene khadi la zithunzi silichikhudza n'komwe. Sikirini ndi zenera chabe. Zenera likatsekedwa katundu wa m'nyumba sasowa.

Pamenepo ana awiri aja anapuma. Mmodzi anali atagona ndi njala Lachisanu usiku poganiza kuti bambo ake auzidwa kuti alipire kompyuta. Tinene mosabisa kuti zimenezi sizinatisangalatse. Mawu oti ana awotcha kompyuta anatuluka pasanathe ola limodzi, pamene kuyesa kumene kunawayeretsa kunatenga mphindi zosakwana khumi. Mwana amene wadzipereka kuphunzira kutsegula bokosi la kompyuta, m'sukulu imene ambiri amaopa ngakhale kuligwira, ndi woyenera kumufunsa modekha chimene waona, chifukwa nthawi zambiri iyeyo ndiye amene waona zambiri.

Inu ophunzira amene mudzachite zimenezi kunyumba, mvetsani pano. Musanatsegule bokosi, zimitsani pakhoma, zulani pulagi, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosilo musanagwire khadi, makamaka m'chilimwe pamene mpweya ndi wouma ndipo thupi limasunga timagetsi tija timakulasani mukagwira chitseko cha galimoto. Kwa inu n'tosaopsa, koma kwa khadi tingathe kukhala imfa. Khadi ligwireni m'mbali, osati pa timano take tagolide. Kumapeto kwa mpata wa PCI Express kuli kachingwinjiri kamene kamagwira khadi. Kakanikizeni kaye musanakoke, apo ayi muzula ndi mpata womwe. Ndipo kabokosi kachitsulo komwe kumalowa chingwe cha magetsi a pakhoma, power supply, musakatsegule ngakhale pang'ono. Kamalandira ma volt 230, ndipo zina za m'kati mwake zimasunga mphamvu ngakhale pulagi itazulidwa.

Ana atayera, chala chinasamukira kwa khadi ndi kwa amene analibweretsa. Kukayika kumeneku sikunali kwa chabe. Pa msika wa makhadi ogwirapo kale ntchito pali chinyengo chodziwika bwino: amatenga khadi lakale kwambiri, kulisintha pulogalamu ya m'kati kuti lizidzitchula dzina la khadi latsopano, kuliveka chikuto chonyezimira n'kuligulitsa motchipa. Pulogalamu yaulere yotchedwa GPU-Z imatha kuzindikira ambiri mwa makhadi otere. Ena ndi enieni, koma anagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka pokumba ndalama za pa intaneti, ndipo amafika atatopa. Vuto lake, GPU-Z imafuna chithunzi kuti uiwerenge, ndipo chithunzi ndicho tinalibe. Choncho aphunzitsi a makompyuta anabwezeramo khadi n'kuyamba kuyesa zinthu chimodzichimodzi. Anaumirira pa chimodzichimodzi chimenechi ngakhale ena ankafuna kusintha zonse nthawi imodzi, ndipo anali ndi mfundo: ukasintha zinthu zitatu chithunzi n'kubwera, sudziwa chimene chachiza, ndipo mawa vuto likabweranso uyambiranso pachiyambi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anayamba ndi kakhalidwe ka khadi mu mpata. Khadi limafuna kukanikizidwa molunjika mpaka kachingwinjiri kalire kuti tha, timano tagolide tonse tibisike. Likapendekeka pang'ono, fani yake imatha kuzungulira koma chithunzi osatuluka. Kawirikawiri limapendekeka pomanga sikulu ya kumbuyo, kapena chifukwa chitsulo chake chakumbuyo ndi chachitali pamene bokosi ndi lopyapyala. Makhadi ang'onoang'ono amabwera ndi chitsulo china chachifupi cha mabokosi otere. Anayang'ananso memore ya kompyuta, timitengo ta RAM tija, poti dzanja lolowetsa khadi limatha kugunda kamodzi n'kukasuntha, ndipo kompyuta yosapeza RAM siionetsa kanthu. Anapemerera fumbi mu mpata. Zonse zinali m'malo mwake. Wina anadandaula kuti pa makhadi ena fani siizungulira n'komwe. Izinso si umboni wa imfa, chifukwa makhadi ambiri amakono amaimitsa mafani awo akakhala kuti sanatenthe, ndipo ena ang'onoang'ono alibe fani konse.

Pa nkhani ya magetsi tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene makolo ambiri amataya ndalama mwana akawanyengerera kuti amugulire khadi lalikulu la magemu. Mpata wa PCI Express pawokha umapereka ma watt osapitirira 75. Khadi lodya zoposa pamenepo limakhala ndi bowo lina pamwamba kapena kumapeto kwake, lofuna chingwe chochokera ku power supply: cha mapini 6 chimawonjezera ma watt 75, cha mapini 8 chimawonjezera 150. Mukaiwala chingwechi khadi silidzuka, ngakhale likhale latsopano la m'bokosi. Tsono makompyuta opyapyala a mu ofesi, amene ndiwo ambiri pakati pathu, amakhala ndi power supply yaing'ono, kawirikawiri ya ma watt osafika 300, ndipo chingwe chimenechi alibe. Anapangidwira kulemba makalata. Khadi ngati GTX 1060, lodya ma watt 120, m'makina otere silingakhale. Pali tizingwe togulitsidwa totengera magetsi pa chingwe cha hard disk kupita ku khadi. Ife sitingakulangizeni kutero, chifukwa waya wonyamula katundu woposa msinkhu wake amatentha, ndipo power supply yokakamizidwa ikafa nthawi zina imapita ndi zinzake. Musanagule khadi, werengani chikalata chomatidwa pa power supply yanu. Lathu, lodya ma watt 30 okha, silinkafuna chingwe chowonjezera, ndipo amene analisankha anaganiza bwino.

Chinatsala n'kuyesa khadi ndi chingwe china pa sikirini ina. Masikirini onse a mu labu ndi a mtundu umodzi, ndipo pulojekita inali yokiyidwa mu ofesi ya aphunzitsi aakulu amene anali ku maliro kumudzi. N'chifukwa chake nkhani ya mphindi zochepa inagona mpaka Lolemba. Lolemba m'mawa chingwe cha HDMI chinalumikizidwa kuchoka pa khadi kupita ku pulojekita, ndipo chithunzi chinagwa pakhoma chowala bwino kuposa kale. Khadi linali lamoyo. GPU-Z inatsimikiza kuti ndi lenileni. Amene analinyamula ulendo wonse wa pa basi kuchokera ku Johannesburg analibe mlandu.

Wolakwa anali adaputa, kanthu kotchipa kuposa zonse, kamene palibe anakaganizira. Masikirini athu amalandira chithunzi pa bowo la VGA, labuluu lija la mapini 15 ndi timasikulu tiwiri m'mbali. VGA inayambitsidwa ndi IBM mu 1987, ndipo imatumiza chithunzi ngati mafunde a magetsi okwera ndi kutsika, njira yotchedwa analogi. Njira zobwera pambuyo pake, HDMI ndi DisplayPort, zimatumiza manambala, njira ya digito. Pakati pa ziwirizi panali DVI, ya mu 1999, bowo loyera lalikulu, ndipo apa ndi pamene pali msampha, chifukwa DVI ilipo ya mitundu yofanana nkhope. Ya DVI-I imanyamula zonse ziwiri, digito ndi analogi. Mumaizindikira ndi timabowo tinayi tozungulira kampata kopyapyala ka kumapeto. Ya DVI-D imanyamula digito yokha, ndipo timabowo tinayito palibe. Adaputa wamba yochoka pa DVI kupita ku VGA mulibe nzeru iliyonse m'kati mwake, ndi mawaya chabe otenga analogi pa timabowo tinayi tija n'kuipereka ku VGA. Pa makhadi akale inkagwira ntchito bwino, n'chifukwa chake anthu ambiri amaikhulupirira. Koma kuyambira pa makhadi a GTX 10 a mu 2016, Nvidia inasiya kutulutsa analogi, ndipo GT 1030 ndi ya m'banja lomwelo: bowo lake la DVI ndi DVI-D. Adaputa yoona ya DVI-I sikanalowa n'komwe pa bowo limeneli, timano take tinayi tikanakana. Imene tinagulitsidwa ife inali yopanda timanoto, choncho inalowa bwinobwino, masikulu n'kumangika, koma inkatunga pa chitsime chouma.

Chofunika pamenepa ndi chosinthira chokhala ndi kachipangizo m'kati kamene kamatembenuza digito kukhala analogi. Pa paketi pake amalemba kuti active converter. Chimakhala chonenepa pang'ono ndipo n'chokwererapo mtengo. Chimayendanso njira imodzi yokha: cholembedwa HDMI to VGA chimachoka pa kompyuta ya HDMI kupita ku sikirini ya VGA, ndipo mukachitembenuza sichigwira. Pogula, nenani mbali zonse ziwiri momveka, bowo la kompyuta ndi bowo la sikirini, kapena jambulani mabowowo pa foni mukaonetse wogulitsa. Akalola, muyesere pomwepo musanapereke ndalama.

Pali mdima wina umene sitinakumane nawo koma ana anafunsa. Uwu ndi woti poyatsa chizindikiro cha wopanga kompyuta chimaoneka, kenako Windows ikamayamba sikirini n'kuda. Zikatero thokozani, chifukwa khadi, chingwe ndi magetsi zonse zili bwino; vuto ndi driver, pulogalamu imene imalumikiza Windows ndi khadi, makamaka ngati ya khadi lakale idakalimo. Kudina pamodzi Windows, Ctrl, Shift ndi B kumadzutsanso driver. Kudina Windows ndi P kumathandiza ngati chithunzi chatumizidwa ku sikirini yachiwiri imene kulibe. Zikakanika, lowani mu Safe Mode, chotsani driver yakale, ikani yoyenera kuchokera pa tsamba la wopanga khadi. Sikirini ikalemba kuti Out of Range, ndiye kuti ikutumiziridwa chithunzi chachikulu kuposa chimene ingakwanitse, ndipo mu Safe Mode momwemo mumachichepetsa. Nthawi zina mu BIOS munthu wina anasankha kale kuti chithunzi chizitulukira pa motherboard basi. Mumasintha pamenepo khadi lisanalowe, kapena kuchotsa kwa mphindi zingapo kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kuti zonse zibwerere mwakale. Mukatero mudzafunika kukonzanso tsiku ndi nthawi. Makompyuta akale kwambiri ena sagwirizana ndi makhadi amakono mpaka BIOS yawo itakonzedwanso ndi yatsopano, ndipo ntchito imeneyo isachitike pa tsiku limene magetsi akuthimathima, chifukwa akazima pakati pake motherboard imatha kufa.

Pakali pano kompyuta ya mu labu ikuyenda ndi chosinthira choyenera pa bowo la DVI-D, pulojekita ili pa HDMI, ndipo ana awiri aja amata timapepala pa zingwe zonse ziwiri tosonyeza kumene chilichonse chimalowa. Adaputa ija taisunga mu kabati kuti a Fomu 3 aziiyerekeza ndi yoona pophunzira mabowo. Kwa akuluakulu a komiti tili ndi pempho limodzi la pa bajeti ya chaka chamawa. Masikirini onse a mu labu ndi a VGA yokha, ndipo makompyuta amene tidzalandire kapena kugula m'tsogolomu ambiri adzabwera opanda bowo limeneli. Sikirini ikafa n'kufunika ina, ngakhale yogwirapo kale ntchito, wopita kukagula ayang'ane kumbuyo kwake ngati kuli HDMI kapena DisplayPort asanafunse mtengo.